Tsiku Limene Tinalonjeza: Mbiri ya Ngongole ndi Kukhulupirika



Phunziro la sabata ino likukhudza nkhani imene ambiri a ife sitikonda kuitchula pagulu. Timakamba momasuka za pemphero, za makalasi a ana, za utumiki m'dera lathu, koma ikafika nkhani ya ngongole aliyense amayang'ana pansi. Chonsecho n'zokayikitsa ngati pali khomo pakati pathu limene silinakongolepo. Wina anatenga feteleza wodzabweza akakolola, wina ali ndi ngongole ku banki m'khonde, wina amadulidwa pa malipiro mwezi ndi mwezi, wina anangodina manambala pa foni ndalama n'kulowa. Ziphunzitso za Bahá'u'lláh ziyenera kutiperekeza mpaka pa tebulo la wobwereketsa ndalama, chifukwa pamenepo ndi pamene mawu athu amayesedwa.

Kale mbiri ya munthu inkayenda pakamwa. Mwini golosale ankadziwa yekha kuti uje akanena kuti adzabweza Loweruka, Loweruka lomwelo amafika, ndipo uje wina akatenga sopo pa ngongole amayamba kudzera njira yakuseri. Lero mbiri imeneyi ikusungidwa m'makompyuta. Ku Malawi kuno lamulo lokhudza mabungwe osunga mbiri ya ngongole linakhazikitsidwa mu 2010, ndipo mabungwe ngati Credit Data CRB ndi TransUnion amagwira ntchitoyi ndi chilolezo chochokera ku Reserve Bank of Malawi. Mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama amatumizako mbiri ya makasitomala awo: anakongola zingati, amabweza bwanji, anatsala ndi zingati. Munthu akapita ku banki ina kukapempha ngongole, bankiyo imatha kufunsa kaye kumeneko. M'maiko ambiri mbiri yonseyi imafinyidwa n'kukhala nambala imodzi, imene amaitcha credit score. M'phunziro lino tiziti malikisi a ngongole, poti amagwira ntchito ngati malikisi a kusukulu: akakwera zitseko zimatseguka ndipo chiongoladzanja chimatha kutsika, akatsika munthu amakanidwa kapena amapatsidwa ngongole yodula.

Kawerengedwe kodziwika kwambiri ndi ka ku United States, kotchedwa FICO. Kampani yake inayambitsidwa mu 1956 ndi Bill Fair ndi Earl Isaac, ndipo malikisi amene anthu akugwiritsa ntchito lero anayamba mu 1989. Amayambira pa 300 kulekezera pa 850. Tikutenga chitsanzo chimenechi chifukwa kampaniyo inanena poyera kulemera kwa chinthu chilichonse chimene imayang'ana. Mabungwe a m'maiko ena ali ndi masamu awoawo, choncho manambalawa tisawatenge ngati lamulo la kuno. Komabe mafunso amene amafunsa okhudza wokongola ndi ofanana kwambiri.

Gawo lalikulu koposa, 35 peresenti, ndi funso limodzi: kodi munthuyu amabweza pa tsiku limene analonjeza? Kompyuta sifunsa ngati munali ndi cholinga chabwino. Sidziwa kuti munkafuna kulipira koma kunagwa maliro, kapena kuti ndalama zinalipo koma munaiwala. Imaona tsiku limene munalemba ndi tsiku limene ndalama zinafika. Ku United States, malipiro akachedwa ndi masiku 30 amatha kulembedwa m'mbiri ya munthu, ndipo chilemba chimenechi chimakhalamo zaka 7. Ku Britain, ngongole imene munthu walephereratu kubweza imaoneka m'mbiri yake kwa zaka 6. Makolo athu anati mlandu suola. Mwezi umodzi wa mphwayi umatha kutsatira munthu mpaka mwana amene anabadwa chaka chimenecho atayamba sukulu.

Tiyeni tichedwepo pang'ono pamenepa, chifukwa ndi pamene nkhani ya kompyuta ikukumana ndi nkhani ya mzimu. Mu Kalata yotchedwa Tarázát, Bahá'u'lláh anapatula gawo lachinayi lonse kuti afotokoze za kukhulupirika, ndipo anaonetsa kuti bata la anthu ndi kukhazikika kwa ntchito iliyonse zimatsamira pa khalidwe limeneli. Ambiri a ife tikamva mawu oti kukhulupirika timaganiza zinthu zikuluzikulu: osaba ndalama za gulu, osaulula chinsinsi. Koma kawirikawiri kukhulupirika kumabwera kutavala zovala za tsiku ndi tsiku. Kumaoneka ngati deti. Ndinati pa 28, kodi pa 28 ndafika? Tili ndi chizolowezi chonena kuti "ndidzabweza kumapeto kwa mwezi" tisanawerengere n'komwe kuti kumapeto kwa mweziko m'thumba mudzakhala zingati. Timanena kuti nkhani ithe, kuti mnzathu atipatse. Pa nthawi imeneyo sitimva ngati tikunama. Koma lonjezo limene sitinaliwerengere limakhala litathyoka kale pamene likutuluka pakamwa. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti makhalidwe ena onse abwino sangaime popanda kunena zoona. Choncho ntchito ya kukhulupirika pa ngongole imayamba tisanalandire ndalama, pamene tikusankha deti ndi kuchuluka kwa zimene tizibweza.

N'chimodzimodzinso ndi fomu yopemphera ngongole. Kulemba kuti bizinesi imatipatsa ndalama zoposa zimene imatipatsadi, kubisa ngongole ina imene tili nayo kale, kunena kuti ndalamazo ndi za mpamba pamene mumtima tikudziwa kuti zikupita ku ukwati: zonsezi anthu amaziona ngati kuchenjera. Kwa wotsatira wa Bahá'u'lláh ndi bodza, ngakhale wolandira fomuyo akhale kampani yaikulu imene sitiidziwa nkhope.

Gawo lachiwiri, 30 peresenti, ndi kuchuluka kwa ngongole imene munthu ali nayo, makamaka poyerekeza ndi malire amene anapatsidwa. Taganizani za mbale wathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg ndipo ali ndi khadi la m'sitolo limene limamulola kutenga katundu mpaka wa R5,000. Ngati nthawi zonse ngongole yake ili pa R4,800, malikisi ake amatsika ngakhale akulipira pa nthawi yake, chifukwa amaoneka ngati munthu amene waima m'mphepete mwa dzenje. Ngati ili pa R1,000, amaoneka kuti ali ndi mpata wopumira. Alangizi ambiri amati ndi bwino osapitirira 30 peresenti ya malirewo. Apa kompyuta ikuyesa, mwa njira yakeyake, chinthu chimene Zolembedwa Zoyera zimachitcha kuchita zinthu mwa muyezo. Kupatsidwa mpata wokongola zambiri sikutanthauza kuti tiziutenga wonse. Wobwereketsa akamakweza malire athu, sikuti watiwonjezera malipiro.

Magawo atatu otsalawo ndi ang'onoang'ono. Kutalika kwa mbiri ndi 15 peresenti: amene wakhala akubweza bwino kwa zaka 10 amadaliridwa kuposa amene wayamba chaka chatha, ndipo n'chifukwa chake kutseka akaunti yakale imene inkayenda bwino nthawi zina sikuthandiza. Ngongole zatsopano ndi 10 peresenti: kupempha ngongole m'malo ambiri pa nthawi yochepa kumatsitsa malikisi, poti kumaonetsa munthu amene madzi amufika m'khosi. Mitundu ya ngongole imene munthu anaiyendetsapo bwino ndi 10 peresenti yomaliza, koma palibe chifukwa chotengera ngongole imene sitikuifuna pofuna kukometsa gawo limeneli. Kuyang'ana mbiri yako wekha sikutsitsa malikisi.

Pali chinthu china chimene chimadabwitsa ambiri. Munthu amene sanakongolepo alibe malikisi apamwamba, alibiretu malikisi, chifukwa palibe chowerengera. Abale athu amene amasamukira ku Britain kapena ku South Africa amakumana nazo zimenezi. Mbiri yabwino imene anali nayo kwawo kawirikawiri siwoloka nawo malire, ndipo amayambira pansi ngati mlendo amene sakudziwika. Ku Britain, ngakhale kulembetsa dzina m'kaundula wa ovota, kwa amene ali ololedwa, kumathandiza chifukwa kumatsimikiza kumene munthu amakhala.

Tionenso zimene FICO siwerengera. Malipiro a munthu samalowa m'malikisi amenewa, ngakhale banki ikhoza kuwafunsa payokha. Mtundu wake, chipembedzo chake, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, zonsezi sizilowamo. Wolemera wozengereza amatha kukhala ndi malikisi otsika kuposa mphunzitsi wa pulayimale amene salumpha mwezi. Pali kachilungamo kena pamenepa kamene tiyenera kukavomereza.

Komabe malikisi amenewa ndi chithunzithunzi chabe cha kukhulupirika. Amaona zimene zinalembedwa papepala basi. Pa nthawi ya unyamata Wake, Báb anagwira ntchito ya malonda mu mzinda wa Búshihr, m'mphepete mwa nyanja ku Persia. Nabíl, m'buku lake la mbiri ya masiku oyambirira a Chikhulupiriro, anasimba za munthu wina amene anasiyira Báb katundu kuti amugulitsire pa mtengo umene anagwirizana. Ndalama zitafika, mwini katunduyo anapeza kuti zinali zambiri kuposa zimene ankayembekezera, ndipo analemba kalata kufunsa chifukwa chake. Báb anamufotokozera kuti panali nthawi ina pamene mtengo wa katunduyo unakwera kufika pamenepo, ndipo poti Iye sanaugulitse pa nthawiyo, anaona kuti ndi udindo Wake kupereka ndalama zonsezo. Mwini katunduyo anachonderera kuti abweze zapamwambazo, koma Báb anakana.

Palibe pangano limene linkamukakamiza kutero. Mwini katunduyo sakanadziwa n'komwe kuti mtengo unakwerapo. Bungwe losunga mbiri likanakhalapo masiku amenewo, likanalemba kuti "walipira" ngakhale Báb akanatumiza mtengo wapanganowo, ndipo malikisi akanakhala chimodzimodzi. Muyezo umene tikuitanidwa kuutsatira umayambira pamene maso a kompyuta athera. Ngongole zathu zambiri sizifika n'komwe ku bungwe lililonse: ya kwa achimwene, ya mayi wogulitsa tomato, ya mnyamata amene anatiumbira njerwa, ya wantchito wapakhomo amene tamuuza kuti adikire mwezi wamawa. Munthu akhoza kukhala ndi mbiri yoyera ku banki pamene m'mudzi anthu akudandaula naye, chifukwa amathamangira kulipira amene angamuwonongere dzina, n'kumachedwetsa amene alibe kokadandaula. Ine ndikuona kuti ngongole yoyamba kuiganizira ndi ya munthu wofooka kwambiri pa onse amene tili nawo ngongole, poti ndiye amene kuchedwa kwathu kungamugonetse ndi njala.

Tiime pano kwa mphindi zochepa tikambirane. Kodi m'dera lathu ndi ngongole ziti zimene anthu amaziona ngati zosafunika kuzithamangira? Chifukwa chiyani?

Ena angafunse ngati kukongola kapena kubwereketsa ndi chiongoladzanja n'kololedwa m'Chikhulupiriro chathu. Mu Kalata ya Ishráqát, Bahá'u'lláh analola chiongoladzanja pa ngongole, pozindikira kuti malonda ambiri sangayende popanda icho ndipo ndi anthu ochepa amene angabwereketse ulere. Koma analamula kuti zichitike mwa muyezo ndi mwachilungamo, nasiya tsatanetsatane wake m'manja mwa Nyumba ya Chilungamo. Ndiye kukongola pakokha si tchimo. Ngongole yogulira mbewu, makina osokera kapena yolipirira maphunziro ikhoza kutukula banja. Katapila, amene chiongoladzanja chake chimameza mpamba wonse m'miyezi yochepa, sangagwirizane ndi muyezo umenewu, kaya ndife okongola kaya ndife obwereketsa. Ndipo tinene mosabisa za njira ina imene ikugwetsa achinyamata ndi akuluakulu omwe: kukongola pa foni kuti akabetche mpira. Kitáb-i-Aqdas, Buku Loyera Kopambana limene linavumbulutsidwa ku 'Akká cha m'ma 1873, limaletsa juga. Wobetcha ndi ndalama zangongole waluza kawiri: ndalama zapita, deti yobwezera ikubwerabe.

Nkhani ina imene imawononga mbiri ya anthu abwino ndi kusainira anzathu ngati mboni ya ngongole. Ambiri timasaina chifukwa chochita manyazi kukana. Timaganiza kuti tikungochitira umboni kuti munthuyo timamudziwa. Koma pa mapangano ambiri, wosainayo akulonjeza kuti mnzakeyo akalephera, iye ndiye adzalipira, ndipo kulepherako kukhoza kulembedwanso pa dzina lake. Pa ngongole za m'magulu, mmodzi akathawa otsala onse amasenza. Kuthandiza mnzathu ndi chinthu chabwino, koma siginecha ndi lonjezo lathu, ndipo lonjezo limene sitingathe kulikwaniritsa sitiyenera kulipereka, ngakhale wopemphayo akhale mlamu. Ndi bwino kunena kuti, "Achimwene, zonsezo sindingaziimire, koma nazi zimene ndingakuthandizeni nazo," kusiyana ndi kusaina lero n'kudana chaka chamawa. Ndipo musanasaine, kambiranani kunyumba. Dzina lidzalembedwa limodzi, koma mbale ya nsima idzachepa kwa onse.

Nanga zikavuta? Mvula imadula, ntchito imatha, matenda amabwera osagogoda. Munthu wokhulupirika akhoza kulephera kubweza. Kusiyana kwake kumaoneka pa zimene amachita deti isanakwane. Njira imene tinazolowera ndi kuzimitsa foni, kusintha nambala, kuuza ana kuti anene kuti bambo achoka. Njira imeneyi imawonjezera bodza pamwamba pa ngongole, ndipo imaphunzitsa ana kunama. Njira ina ndi kupita wekha kwa wobwereketsa masiku asanathe, kufotokoza zoona, kupereka zochepa zimene zilipo ndi kupempha ndondomeko yatsopano. Obwereketsa ambiri amasankha kugwirizana ndi munthu amene wabwera yekha kusiyana ndi kusakasaka wothawa. Sikuti nthawi zonse adzavomera, ndipo malikisi akhoza kutsikabe. Koma mbiri imachira: pamene miyezi ya kulipira bwino ikuwunjikana, chilemba chakale chimapepuka kulemera kwake.

Bahá'u'lláh analankhula kwa mbali zonse ziwiri. Kwa wokongola, anaphunzitsa kuti amene ali ndi kuthekera kobweza koma akunyalanyaza sakuchita zokondweretsa Mulungu, ndipo ayenera kulimbikira kuti abweze. Kwa wobwereketsa, analangiza kuleza mtima ndi munthu amene wapanikizikadi mpaka atapeza njira. Ambiri a ife timakhala mbali zonsezi pa nthawi imodzi, ndipo timakonda kukumbukira lamulo la kuleza mtima tikakhala okongola, n'kukumbukira lamulo la kubweza tikakhala obwereketsa. Zikanakhala bwino tikanatembenuza.

Tisaiwalenso kuti kompyuta imalakwitsa. Ngongole imene munabweza kale ikhoza kuonekabe ngati ilipo, kapena ya munthu wina wa dzina lofanana ndi lanu ikhoza kulembedwa pa inu. Ku South Africa, lamulo la National Credit Act la 2005 limapatsa munthu aliyense ufulu woona mbiri yake kwaulere kamodzi pachaka ku bungwe lililonse losunga mbiri, ndi kutsutsa zimene zalembedwa molakwika. Kulikonse kumene tili, tizisunga malisiti ndi mauthenga a pa foni otsimikiza kuti talipira, ndipo tikamaliza ngongole tizipempha kalata yotsimikiza. Kufunafuna chilungamo pa dzina lako si mwano.

Chifukwa chakuti nambalayi imalakwitsa ndiponso siona mumtima, sitingaigwiritse ntchito poyeza ulemu wa munthu. Mayi wamasiye amene anagulitsa zonse posamalira wodwala akhoza kukhala ndi mbiri yoipa ku banki, pamene kuthamanga kwake konse kunali utumiki. M'gulu lathu, mnzathu akagwa m'ngongole, chiyeso chachikulu ndi miseche. Timayamba ndi mawu oti "tingomupempherera," kenako nkhani yonse yafalikira mpaka ku chigayo. Miseche ndi yoletsedwa m'Chikhulupiriro chathu, ndipo imachita pakamwa zimene bungwe losunga mbiri limachita pa kompyuta, kungoti ilibe zaka zothera ndiponso ilibe kokatsutsira. Ngati pali kusamvana pa ndalama pakati pa abwenzi awiri ndipo alephera kuthetsa okha, malo oyenera ndi Bungwe Lauzimu la m'dera lawo, kumene nkhaniyo ingakambidwe mwachinsinsi ndi mwachilungamo. Mnzako akapsa ndevu mzimire.

Malamulo a Chikhulupiriro amatsatira ngongole mpaka kumanda. Bahá'u'lláh anafotokoza kuti munthu akamwalira, pa chuma chimene wasiya pachotsedwe choyamba zolipirira maliro ndi kuika m'manda, kenako ngongole zake zibwezedwe, kenako Huqúqu'lláh, umene ndi Ufulu wa Mulungu, ndipo pambuyo pa zonsezi m'pamene olowa m'chuma angagawane zotsala. Taonani ndondomekoyo. Ngongole ya kwa munthu mnzathu yaikidwa patsogolo pa gawo limene limaperekedwa m'dzina la Mulungu Mwini. Amenenso analamulidwa ndi akuti aliyense alembe wilo. Koma wilo ingathandize bwanji ngati amene tikukhala nawo m'nyumba sadziwa kuti tili ndi ngongole kwa yani? Mabanja ambiri amadzidzimuka pa tsiku lachitatu la maliro, pamene anthu osawadziwa ayamba kufika ndi timapepala, ndipo wamasiye sangathe kusiyanitsa woona ndi wonama.

Mu Mawu Obisika timalangizidwa kudziwerengera tokha tsiku lililonse tisanaitanidwe kukayankha. Ntchito yoti tichite tisanakumanenso ndi iyi. Aliyense atenge pepala payekha, alembe ngongole zonse zimene ali nazo, za ku banki ndi za pakamwa zomwe, ngakhale K500 ya makala. Pambali pa iliyonse alembe deti imene analonjeza. Pamene detiyo inadutsa kale, alembe tsiku limene apite kukaonana ndi mwini ndalama. Pepalali si lobweretsa ku gulu ayi. Woyenera kuliona ndi mwamuna kapena mkazi wanu, kapena wachibale amene angadzatsale ndi udindo.

Tisanatseke ndi pemphero, tikhale awiriawiri tiyeserere izi: mmodzi akhale wokongola amene akudziwa kuti pa 30 sakwanitsa, winayo akhale wobwereketsa amene nayenso akudikira ndalamazo kuti alipire fizi ya mwana. Lero ndi pa 22. Wokongolayo ndiye ayambe kulankhula.